Jairos pa Dziwe la ku Nkhulambe

Jairos ankati pansi pa madzi ndi pokhapo pamene mkamwini amapuma, poti apongozi sangamutsatire kumeneko ndi khasu. Tsiku lina kutangoda, m'nyumba mulibe ndiwo, anatenga mkondo wake wa sipoko ya njinga ndi tochi yomanga m'jumbo, ulendo kudziwe la m'tsinde mwa phiri. Mkazi wake Rose anatsatira ndi miyala iwiri yogogoda m'madzi mwamuna akachedwa.

"Bambo a Noah, mukamva go go go muvuuke. Umasiye sindikuufuna ine."

"Iwe, unamvapo mlamba utadya munthu?"

Jairos anamira. Pansipo panali zii, madzi ofunda bwinobwino ngati otenthetsera mlendo, chonsecho unali mwezi wa June. Mlamba unali phee pamwala, iye n'kuulasa. Kenaka anadikira kuti chifuwa chiyambe kutentha, monga chinkachitira mpweya ukamatha. Sichinatenthe ayi.

Go go go, Rose kumwambako. Jairos anapinda mawondo kuti adzikankhe.

Go go go, wina anayankha modekha, pansi pa mapazi ake. Apa m'pamene Jairos anazindikira kuti kumwamba kuja sakukufunanso kwenikweni.