Chipembere wa pa Fesibuku

Iyi anandiuza ndi Amadeu, woyendetsa njinga yamoto ku Fingoe.

Kokumba golide dzina sudzipatsa wekha, amakupatsa anzako ukakhetsa magazi. Koma Rogério, pokhala mlendo, anadzilemba pa Fesibuku kuti Chipembere.

Mwini dzinalo, Edmundo, anamupeza akusefa mchenga. Anamugwetsa n'kumuponda dzanja pamwala, nyundo ili m'mwamba.

"Fufuta, mwana iwe! Dzinali ndinaligula ndi mano anga."

"Achimwene, mkazi amene ndikufunsira ku Chiputo amandidziwa ndi lomweli."

Nyundo inatera pachala chachikulu. Rogério anatola foni ndi dzanja lamanzere, naibweza m'thumba osafufuta.

Amadeu akuti Edmundo anaseka n'kumusiyira dzinalo. Kusekako ndikuvomereza, koma zomusiyirazo ine ndikukayika.