Mahedifoni a Isake

Jacinta ankamanga mtolo wake wa kaunjika pakhonde pamene anaona Isake akuchotsanso mahedifoni pamsomali. Chitseko cha bamboyo chinali chotsegula pang'ono. Anawapukuta ndi kansalu, kenako anakokera mpando wake kukhoma, khoma lomwelo lolekanitsa chipinda chake ndi cha Jacinta.

Jacinta anamangitsa mfundo ya mtolowo, maso ali pachitseko chija.

Ankakhala mu mdadada wa zipinda zalendi kuseri kwa masitolo a pa Nathenje. Makoma ake sankafika kudenga. Munthu akatsokomola kwake, woyandikana naye ankadziwa kuti chifuwa chayamba.

Isake anabwera kuchokera kutauni nyengo ya fodya, n'kunena kuti amakonza mawailesi. Koma mahedifoni amenewo sanali ogula m'sitolo. Anawapanga yekha. Anasema zigoba ziwiri za mlombwa, n'kuikamo timasipika, n'kuzunguliza siponji yokutira ndi chikopa cha mbuzi chofufuta bwino. Waya wake unkatsikira m'kabokosi kakuda kamene kankakhala pansi pa tebulo.

Chimene chinkamudya Jacinta n'chakuti mahedifoniwo ankachoka pamsomali masiku a msika wa ku Mitundu okha, iye akamapita kukagulitsa. Ndipo masiku omwewo ndi amene mwamuna wake Yakobe, mlembi wa nthambi ya chipani chatsopano, ankati amalandira anzake a chipani m'nyumba kuti akambirane zachinsinsi.

Boma linali litasintha chaka chapitacho. Pawailesi ankati tsopano aliyense alankhule zakukhosi. Koma Jacinta sanaiwale galimoto imene inadzatenga bambo ake iye ali kamtsikana, chifukwa cha mawu amene anawaponya pamowa. Sanabwererenso. Amene anakawanenera anali woyandikana nawo nyumba, munthu waulemu, wosalankhulalankhula. Ngati Isake.

Zizindikiro zinali zambiri. Isake akamupatsa moni sankamuyang'ana m'maso. Akakumana ndi Yakobe pamjigo, ankapatuka. Tsiku lina anachita kumufunsa: "Mayi, kodi ku Mitundu mumaweruka nthawi yanji?" Jacinta atamuyang'anitsitsa, bamboyo anangolowa m'nyumba.

Jacinta anamuuza Yakobe, koma Yakobe anangoseka.

"Ukazitape unatha ndi riferendamu, mayi. Asiyeni amisiriwo azisewera ndi mawaya awo. Inu musachedwe, matola akusiyani."

Yakobe analibe mantha, ndipo Jacinta ankamukondera zomwezo. Koma anthu opanda mantha ndi amene ankasowa. Ngati mwamunayo sakufuna kudziteteza, amuteteza ndi iye.

M'mawa umenewo Jacinta anasenza mtolo, natsanzika mokweza kuti mdadada wonse umve. Atafika kumsewu, anasungitsa katunduyo m'golosale ya mnzake. Matola a ku Mitundu anadzaza, nanyamuka iye akuona. Anadikira mpaka dzuwa litakwera, kenako anabwerera kudzera kuseri, mapatapata ali m'manja.

Chitseko cha kwake chinali chotseka. Msonkhano wayamba, anatero mumtima. Anachidutsa mwakachetechete n'kukankha cha Isake.

Anamupeza monga ankaganizira. Msana kukhoma, maso otsinzina, mahedifoni kumutu. M'kabokosi kakuda kaja munkazungulira kaseti.

Jacinta anawatsomphola n'kuwavala yekha, kuti amve ndi makutu ake zimene akuluakulu ena akamve mawa.

Sanamve Yakobe. Sanamve za chipani. Anamva gitala.

Inkalira ngati woimbayo wakhala pamphasa pomwepo, moti ankamva ngakhale zala zikutsetsereka pa mawaya. Kumanzere kunali chisekese, kumanja mawu a mayi wina akupuma asanayambe kuimba. Besi inkagunda pansipansi, m'chifuwa mwenimweni. Chikopa chija chinafungatira makutu ake mofewa, osafinya, osalemera. Zonse zakunja zinazimirira. Chigayo cha kumsewu chinati zii. Ankaona milomo ya Isake ikugwedezeka, manja akuchonderera, koma osamva kanthu.

Kwa kamphindi anaiwala chimene anabwerera. Atakumbukira, anawavula mwaukali.

"Mawu a amuna anga mwawabisa pati? Mumawapereka kwa yani?"

"Chonde mayi, tsitsani mawu," Isake ananong'ona. "Palibe chimene ndimajambula. Kabokosiko n'koimbira basi. Tsegulani muone."

"Nanga n'chifukwa chiyani mumawavala ine ndikachoka pokha? N'chifukwa chiyani mumakhala kukhoma kuno?"

"Soketi ili pomwepa, mayi, ndipo waya ndi waufupi." Analoza mahedifoniwo. "Siponjiyo ndaiwonjezera kawiri konse. Sindinawapangire kumvera anthu. Ndinawapanga kuti ndisamve."

"Musamve chiyani?"

Isake anayang'ana pansi. Kaseti inafika kumapeto, kabokosi kanadzizimitsa, ndipo m'chipindamo munati zii.

Pamwamba pa khoma panadutsa kuseka kwa mkazi, kofewa, kosafulumira. Kenako mawu a Yakobe: "Usaope, iwe. Ameneyo sabwera mpaka dzuwa litalowa."