Lamba wa pa Msomali

"Amayi, kodi a Fabiano alibe chimbudzi?"

Funso la Lisa, mwana wake wa zaka zisanu, linkamubwerera Angella akangotsegula foni. Esiteti inali itakhazikitsa tsamba la pa intaneti, pamwamba pake pali chithunzi. Pa kafoni kake chithunzicho chinkaoneka chowonda ngati chitseko: a Fabiano, neba wake, atanyonyomala pakati pa mizere ya tiyi, buluku litatsetsereka, lamba palibe.

M'tiyi momwe anthu amathyola ndi manja! Angella zinamunyansa.

Malaini onse a nyumba za antchito anali ataona. Lamulo linali lodziwika: wodzithandiza m'munda, ntchito yatha. Akapitawo ankangofuna mboni yotsimikiza nkhopeyo, ndipo Angella anavomera kupita mawa lake.

Sanali munthu wothamangira kuweruza. Mavuto a m'munda ankawadziwa. Chaka chatha njoka inamuluma akuthyola tiyi, anakomoka, n'kudzatsitsimukira kuchipatala mwendo utamangidwa ndi lamba amene mwini wake sanadziwike. Lambayo anali akadali pa msomali kuseri kwa chitseko. Koma uve wotere, ayi.

Madzulo a tsikulo, a Fabiano, omwe foni yawo inali yamabatani, anafika pakhonde atanyamula mapeyala.

"Aneba, ndalakwanji? Aliyense akandiona akulavula."

"Mapeyala anuwo bwererani nawo. Manjawo munasamba? Munthu wamkulu ngati inu! Taonani nyansi zanuzi!"

Anawalozetsa foni kumaso mwaukali. Dzanja linapendekeka, foni inagona chopingasa, tsamba n'kutembenuka. Chithunzi chinatambasuka. Wokonza tsambalo anachiyeza pa kompyuta yotakata, ndipo foni yoimirira inkadula m'mbali n'kusiya pakati pokha.

Kumanja kwa a Fabiano kunagona mayi wokomoka, lamba atamangidwa pamwendo. Chitenje chake cha maluwa achikasu n'chomwe Angella anavala madzulo amenewo.

Kunyansidwa kuja kunamutembenukira mwini. Analowa m'nyumba, anachotsa lamba pa msomali, n'kumupereka ndi manja awiri.

"Mawa ndiyenda khomo ndi khomo, kuyambira kwa akapitawo, foni ili chopingasa. Ndalonjeza."

A Fabiano anaika mapeyala pansi. "Mukatero, aneba, pakhonde pano mapeyala sadzasowa."