Kakyuleta Yomwe Inasungidwa mu Sutikesi

Panali munthu wina ku Lupaso mu Mzuzu, mayi wosoka zovala dzina lake Judith, ndipo omudziwa akuti nkhaniyi inachitikadi. Mwana wake Temwa ankakonzekera mayeso a folomu 4. Masamu ankawakhoza kwambiri, ndipo maso ake anali pa yunivesite.

Pa msonkhano wa makolo, aphunzitsi a masamu, a Herbert, anati: "Mwana mugulireni kakyuleta ya sayansi msanga kuti aizolowere. Gulani m'sitolo yodziwika, ndipo mukagula ibwere ndiiyese. Zachinyengo zachuluka."

Judith sanakhutire. Chamumtima anati aphunzitsiwa ali ndi sitolo yomwe amadyako.

Tsiku lina akudutsa pa depoti, bambo wina wa chikwama chakuda anamuimitsa.

"Monire amama. Muli ndi mwana wa folomu 4, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Kholo la folomu 4 limadziwika ndi nkhope. Kwanu n'kuti?"

"Ku Chintheche."

"Ndiye ndinu mlongo wanga. Inenso kwathu n'komweko."

Anatulutsa kakyuleta yonyezimira m'kabokosi. Judith anafuna umboni, bamboyo n'kuyamba kudina yekha.

"5 pawa 2, ndiye kuti 5 kuchulukitsa ndi 5. Zingati?"

"25."

Kakyuleta inaonetsa 25.

"Nanga sikweya ruti ya 49?"

Judith anakumbukira za kusekondale. "7."

Inaonetsa 7. Judith atatambasula dzanja kuti ayeseko yekha, bamboyo anali ataibwezera kale m'kabokosi.

"Ikadinidwadinidwa batire limatha, amama. Mlongo wanga ndingamunamize?"

"Yewo chomene," anatero Judith, n'kugula.

Kunyumba anaitsekera mu sutikesi, kiyi n'kumanga pa chitenje.

"Amama, ndipatseni ndiizolowere," anapempha Temwa.

"Kuti anzako akakubere? Pitiriza kubwereka ya mnzako Deborah. Iyi ndi ya mayeso."

"Koma aphunzitsi ati aiyese."

"Akaisinthe ndi yakale ife osadziwa? Ndinaiona ndi maso angawa ikugwira, 5 pawa 2 inaonetsa 25."

Lamlungu lomaliza mayeso asanayambe, ana onse olemba anaitanidwa kutsogolo kutchalitchi ndi zolembera, marula ndi makakyuleta kuti apemphereredwe. Ya Temwa inapita ili m'kabokosi, inabwerera ili m'kabokosi. Inatsegulidwa m'mawa wa tsiku la masamu.

Madzulo Temwa analowa osapereka moni. Anaika kakyuleta pa makina osokera.

"Zayenda bwanji, mwanangu?"

"Amama, 2 pawa 5 ndi 2 kuchulukitsa kasanu. 2, 4, 8, 16, 32. Dinani muone."

Judith anadina monga mwanayo ankamulozera. Inaonetsa 4. Anafufuta n'kudinanso. 4.

"Kyubu ruti ya 27 ndi 3, chifukwa 3 kuchulukitsa katatu ndi 27. Dinani."

Inaonetsa 5 ndi timanambala tambirimbiri kumapeto.

"Pawa iliyonse ikungochulukitsa kawiri. Ruti iliyonse ikungopereka sikweya ruti. Manambala a m'mayeso anali akuluakulu, ndinkangokopera zomwe ikuonetsa. Ndazindikira nthawi itatsala pang'ono kutha, ndipo m'mayeso sabwerekana."

"Bwanji sunaiyese usanalowe?"

"Ndinaiyesa, amama. 5 pawa 2, monga munandiuzira."

M'mawa mwake Judith anathamangira ku depoti. Bambo uja kunalibe. Anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi pamalopo.

"Wa chikwama chakuda uja? Anachoka mayeso atangoyamba."

"Mwina wapita kwawo ku Chintheche?"

Mayiyo anamuyang'ana mwachisoni. "Kwa inu anati wa ku Chintheche? Kwa ine anati wa ku Rumphi. Mwana wanganso walemba ndi kakyuleta yogula kwa yemweyo."

Zotsatira zitatuluka, Temwa anakhoza bwino maphunziro onse kupatula masamu. Deborah, mwini kakyuleta yakale yothothoka manambala ija, anasankhidwa kupita ku yunivesite. Temwa akubwereza folomu 4 chaka chino. Kakyuleta yatsopano Judith anapita nayo yekha kwa a Herbert, ndipo anaimirira pomwepo mpaka ataona 32.

Phunziro: Kukayikira n'kwabwino, koma onetsetsani kuti mukukayikira munthu woyenera. Pogula kakyuleta musalole wogulitsa asankhe manambala ndi kudina yekha. Dinani nokha 2 pawa 5, ionetse 32, ndi kyubu ruti ya 27, ionetse 3. Kenako mpatseni mwana aigwiritse ntchito tsiku lililonse, aphunzitsi aionenso. Ine monga kholo nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Chonde itumizeni kwa kholo lililonse lomwe mwana wake akulemba mayeso, lisanatsekere kanthu mu sutikesi.