Mkeka wovinira wa a Kalinde

Panali munthu wina ku Chiradzulu, cha ku Mauwa, dzina lawo a Bernard Kalinde, ogulitsa tomato ndi kabichi. Amene anali nawo pa ukwati wa mwana wawo akuti nkhaniyi ndi yoona.

A Kalinde anali munthu wathupi, woti wa kabaza akawaona akubwera amayamba wayang'ana matayala. Kuchipatala anawauza kuti BP yakwera, ayambe kulimbitsa thupi. Anayesa kuthamanga m'mawa wina, koma asanafike pa mjigo amayi a m'mudzimo anali atayamba kale kufunsa kuti kunyumba kwagwanji. Anabwerera akuyenda, ndipo zothamanga zinathera pomwepo.

Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, Thandie, wogwira ntchito ku Blantyre, ndipo ukwati wake unali pafupi. Chimene a Kalinde ankalakalaka chinali chimodzi: kudzalowa naye mu holo akuvina, popanda wefuwefu pamaso pa anthu.

Thandie anawabweretsera kamakina ka gemu yovina kolumikiza ku TV. Pa TV pamatuluka mivi, munthu n'kumaponda mivi yomweyo pa mkeka wa mawaya motsatira nyimbo. Mkekawo ndi umene panalibe, choncho anawauza kuti akagule ku Limbe.

"Ababa, mukalowe m'sitolo, musagule panjira," anatero Thandie. "Mukasankhe wokhuthala, wa siponji m'kati ndi labala kunsi kuti usamaterereke. Akaulumikize muponde mivi yonse muli pomwepo. Inu si munthu wopepuka."

"Ine kugula mkeka ndiuzidwe ndi mwana?" anayankha a Kalinde. "Mphasa zonse za m'nyumba muno anasankha ndani?"

Atatsika minibasi ku Limbe anakumana ndi venda wina atakoleka mikeka paphewa. Inali yopyapyala ngati jumbo ya shuga, koma yamitundu yowala, ya timagetsi m'mbali.

"Bigi, thupi limeneli ndi la madansi," anatero venda uja. "Ya m'sitolo ija ndi matiresi a ana, yolemera chabe. Uwu mumangopinda n'kuika m'thumba la jekete."

"Ndiuyese kaye?"

"Pamsewu pano magetsi tiwatenga kuti, bigi? Ukavuta mundipeza pompano."

A Kalinde anamva kukoma kutchedwa bigi. Anagula, m'sitolo muja osapondamo n'komwe.

Masiku oyamba zinthu zinayenda. Ankatseka chitseko, kutsitsa makatani, n'kuyamba kuponda. Thukuta linkatuluka, lamba anayamba kumangira pa bowo lina. Koma mkeka sunachedwe kutopa. M'mbali munayamba kupindika, pakati panang'ambika, iwo n'kumata selotepi. Kenako muvi wakumanzere unayamba kugontha, moti kuti umve ankachita kuudinda ndi mphamvu zonse.

Akazi awo, a Esnart, anali mayi wonyadira simenti ya pabalaza pawo. Ankaipaka polishi wofiira mpaka munthu kudziona nkhope.

"Bambo a Thandie, chinthu chanuchi chikumayenda chokha," anawachenjeza. "Mwayambira pa TV, taonani muli pakhomo. Kagulenitu chimene ananena mwana chija."

"Inuyo ndiye siyani kupolisha," anayankha a Kalinde.

"Pabalaza panga? Ndiye alendo azidzati muno mulibe mayi?"

Thandie ataimba foni kufunsa za mkeka, bambo ake anati uli bwinobwino, ndi wokhuthala ndithu. Kuvomera kuti mwana ananena zoona kunawakanika.

Ukwati utatsala pang'ono, makolo a mkwati anabwera kudzamaliza zokambirana. Tsiku limenelo a Esnart anapolisha kawiri. Zokambirana zitatha, a Kalinde analephera kuugwira mtima.

"Asewere, dikirani muone zimene mudzaone mu holo," anatero akuyala mkeka.

Nyimbo inayamba. Kutsogolo, kumbuyo, kumanja, zonse bwinobwino, alendo mpaka kuwomba m'manja. Kenako panabwera muvi wakumanzere. Anauponda, sunamve. Anaupondanso, zii. Kachitatu anaudinda ndi thupi lonse. Selotepi inamatuka, mkeka unathawa pa polishi paja, ndipo a Kalinde anagwa chagada mwendo utapindikira pansi pa tebulo. Nyimbo inapitiriza yokha.

Kuchipatala anapeza kuti fupa lathyoka pamwamba pa kakolo. Anawaika chikhakha n'kuwauza kuti asaponde pansi. Mng'ono wawo, a Mateyo, anapita ku Limbe kukafunafuna venda uja. Pamalopo anapeza mayi wogulitsa nthochi, amene anati munthu wotero sakumudziwa.

Tsiku la ukwati a Kalinde anawanyamula anthu n'kuwakhazika pampando kutsogolo, mwendo atausanjika pa kireti ya zakumwa. Suti inawakhala bwino kwambiri, poti mimba inali itaphweradi. Koma amene analowa ndi Thandie mu holo anali a Mateyo, munthu wosadziwa kuvina ngakhale pang'ono, amene ankangoyenda ngati akupita kumunda.

Atafika kutsogolo, Thandie anasiya dzanja la a Mateyo n'kugwada pa mpando wa bambo ake.

"Ababa, nyimboyi ndinasankhira inu," anatero.

Inali yomwe ija ankavina pabalaza masabata onse aja. Sitepe iliyonse ankaidziwa. Anthu anaona mwendo wabwino uja ukugunda pansi wokha, kutsogolo, kumbuyo, kumanja, mwini wake akulira osabisa. Mwana wamkazi anali yekhayo, ndipo ukwati wake sudzachitikanso.

Phunziro: Chinthu choti chikunyamule thupi lako usachigule chifukwa cha kuwala kwake kapena pakamwa pa wogulitsa. Chigwire, chiyese, uone kunsi kwake, ndipo chikayamba kung'ambika usachinyengerere ndi selotepi. Komanso mwana wako akakulangiza pa zimene akuzidziwa, kumumvera sikukuchotsera ukulu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka abambo aja amene sauzidwa kanthu.