Chipumi cha Nachisale

Lamulo linali loti nyumba iliyonse izilandira jakisoni mmodzi wochotsa makwinya pachaka, ndipo chaka chimenecho mwayi unagwera Nachisale. Kuchipatala anamupanikiza namwino ndi mafunso. Zipweteka? Nditupa? Nanga mphamvu yake itha liti?

"Pachipumi pasalala mpaka mvula igwe, mayi. Koma lero lokha musawerame, musayandikirenso moto."

Anabwerera kumudzi akudumphadumpha ngati kamtsikana, n'kufikira kupatsa amuna ake tsache.

"Bambo a Tiyese, akuti ndisawerame, ndisayandikire moto."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mvula igwe."

Bambowo anamuyang'anitsitsa pachipumi, pamene timabodza tonse ta mkazi wawo tinkaonekera chikwatiranireni. Panali posalala ngati dzira. Anapumira m'mwamba, nawerama, n'kuyamba kusesa pabwalo.