Mchenga Wonyowa

"Bwererani m'mbuyo, achimwene, ngolo yanu yalemera mopitirira," anatero mayi wa pa sikelo yoyezera malole.

Dalaivala anatsika mu lole. "Mayi, mchengawu ndinapakira wokwanira bwinobwino. Mvula ndiyo yandipeza m'njira. Apa mukuyeza madzi."

"Sikelo sidziwa mvula."

"Ndiye nditsitseko pang'ono."

"Muno sitilola kutsitsa katundu."

"Chabwino, ndikatsitsire panja."

"Mutuluka bwanji ngolo ili yolemera chonchi?"

Dalaivala anaimika lole pafupi ndi mpanda. Bwana wake anaimba foni, nati mchenga ukapanda kufika kwa omanga sabata yomweyo, akabweze makiyi. Dalaivala anavundukula lona n'kukwera pamwamba ndi fosholo. Tsiku lililonse ankatembenuza mchengawo kuti uume, tulo n'kumagona pansi pa ngolo. Madalaivala anzake podutsa ankamukuwiza: "Alimi, mudzalamo chiyani m'mundamo?"

Pofika Lachisanu mchenga unali utauma. Dalaivala anakwezanso lole pa sikelo.

Mayi uja anamwetulira. "Lero ndiye mwaphwa, achimwene. Mwakwana."

Anazungulira kukaona chiphaso cha ngolo, ndipo kumwetulira kuja kunatha. "Ichi chinatha dzulo."

"Dzulo ndinali mommuno, mayi! Munkandiona ndi maso anu!"

"Ndinkakuonani, inde. Koma ngolo yopanda chiphaso siyenda pamsewu."

Dalaivala anatsamira chitseko cha lole. "Nanga chatsopano ndikachipeza kuti?"

"Ku ofesi ya m'tauni. Sachedwetsa ayi, bola mupite nayo ngoloyo akaione."